Onse Anapita kwa Mlongo Wawo

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anakolopa mu laibulale ya sukulu ya sekondale mpaka tsitsi lonse linachita mbuu. Ankafika m'mawa ana asukulu asanabwere, n'kutsegula mawindo, kupukuta mashelefu, kenako kukolopa chobwerera m'mbuyo kuchokera kukhoma lakumapeto mpaka pakhomo kuti asapondenso pamene akolopa. Mwana akalowa ndi matope ankamuyang'ana kamodzi kokha, mwanayo n'kubwerera yekha kukapukuta nsapato. Sukulu iwo anailekeza panjira, koma Chingerezi chowerengera anali nacho, ndipo munthu wopukuta mabuku tsiku ndi tsiku sangalephere kusuzumiramo. Kudera kwathu ankadziwika kuti a Laibulale, ngati kuti nyumba yonseyo inali yawo.

Buku likang'ambika chikuto, masamba n'kuyamba kuthothoka, woyang'anira laibulale ankaliponya m'katoni ya zokawotcha. Azakhali ankapempha katoniyo n'kuisenza. Kunyumba ankasanja masamba, kuwasoka ndi ulusi wosokera nsapato, n'kukutira ndi pepala la khaki. Motero m'chipinda chawo chochezera munadzaza mabuku a nthano zitalizitali, olembedwa ndi anthu a kuno ku Africa, ambiri opanda mutu, opanda dzina la wolemba. Ankawatchula monga timatchulira anthu a pamsika: lija la mphunzitsi wa njinga, lija la mayi wa mapasa, lija la msilikali wobwera kunkhondo.

Sankatolera mabukuwo chifukwa cha iwo eni. Ankatolera amuna awo, amene ife timawatcha amalume, koma anthu onse amati a Kondakitala ngakhale kuti ntchitoyo anaisiya ine ndikukwawa. Amalume saona.

Chaka chimene zinthu zinakwera mtengo mpaka anthu kumagula sopo woduladula, kampani ya mabasi nayonso inakweza mtengo wokwerera. Amene anakwezawo anali m'maofesi a nyumba zosanja, kumene mwala sufika. Pamsewu panali amalume ndi chikwama cha matikiti m'khosi, komanso mng'ono wawo, amene ankayendetsa basiyo. Gulu la anthu linaimitsa basi pamphambano n'kuyamba kuigenda ndi miyala. Magalasi a mawindo anathera amalume m'maso. Mng'ono wawo anagwetsedwa pansi, ndipo sanadzukenso.

Amalume anagona m'chipatala nthawi yaitali, nkhope itakulungidwa mabandeji. Dokotala ananena kuti wodwalayo asadzidzimutsidwe, choncho abale anapangana panja zokanena. Amalume akafunsa za mng'ono wawo, ankayankhidwa kuti ali bwino, kungoti kampani yamusamutsira ku depoti yakutali. Mmene ankatuluka, maliro anali ataikidwa kalekale, anthu ataiwala ndi nyimbo zimene anaimba. Azakhali panthawiyo anali mkwatibwi wa dzulodzulo, ndipo bodzalo ananena nawo. Amalume sanakalipire munthu. Anangosiya kutchula dzina la mng'ono wawoyo.

Anaphunzira kuluka mipando ndi zingwe zapulasitiki, ndipo pakhonde pawo panasanduka malo antchito. Mwana Mulungu sanawapatse. Chimene anali nacho awiriwa chinali nthawi ya masana, dzuwa likapendeka. Azakhali ankaweruka, kuvula nsapato zakuntchito, kupanga tiyi, n'kukhala pa kampando kakang'ono pafupi ndi mapazi a amalume, buku lili pamiyendo.

Kawerengedwe kawo kanali kawokawo. Maso ankayenda m'Chingerezi, pakamwa n'kumatulutsa m'chiyankhulo chathu, osakakamira, ngati kuti bukulo linalembedwa momwemo. Maso ankatsogola ndime yathunthu, pakamwa pakutsatira m'mbuyo. Bwana ankamuyankhulitsa chotupa, wapolisi chaukali, mtsikana chamanyazi, mpaka odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro. Amalume zala zili pazingwe ankalowerera nkhani ngati ya anansi awo.

"Usakwere galimoto imeneyo, chitsiru iwe! Mayi, muuzeni asakwere."

"Wakwera kale, bambo."

"Basi, zake zimenezo. Pitirizani."

Nthawi zina nkhani ikafika pothina, azakhali ankatsokomola n'kunena kuti, "Bambo, tandipatsaniko madzi, kukhosi kwauma." Amalume ankanyadira kuti m'nyumba mwawo safuna wowagwira dzanja. Ankadzuka, kutsata khoma mpaka pandowa, n'kubwera ndi kapu osataya ndi dontho lomwe. Mmene ankafika, azakhali anali atatembenuza tsamba limodzi kapena awiri. Ankamwa, kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kupitiriza. Ine ndili mwana ndinkati timalemba ting'onoting'ono ndi timene tikuwachititsa misozi.

Pa mabuku onsewo amalume anali ndi dandaulo limodzi, ndipo nditakula n'kukhala namwino, ndikapita kukawaona ndinkalimva ngati nyimbo ya pawailesi.

"Anesi, olemba mabuku athuwa kuyala nkhani amatha, ndisawanamizire. Njala amaidziwa. Bwana wakuba amamudziwa. Mmene mphekesera imayendera pamzere wogula zinthu, amadziwa. Amasonkhezera moto mpaka madzi kuwira, iwe n'kumva m'thupi kuti apa ndiye pafa munthu. Kenako? Wathawira khomo lakumbuyo, wapita kwa mlongo wake. Mphunzitsi wa njinga, kwa mlongo wake. Msilikali, kwa mlongo wake. Kodi mlongo ameneyu nyumba yake ili ndi zipinda zingati?"

Ine ndinkaseka mpaka kugwira nthiti. Azakhali sankaseka kwenikweni. Ankangoti, "Lukani mpando, bambo, mwini wake akubwera mawa."

"Ndi amantha," amalume ankamaliza motero. "Akafika pamwala, cholembera chimanjenjemera."

Tsiku lina azakhali atalowa m'nyumba, amalume ananenanso zomwezo, koma motsitsa mawu ndiponso osaseka. "Kapena si mantha. Kapena sanaonepo. Munthu akanaona akanalemba. Mwina zinangotigwera ife tokha." Mawu amenewo anandimvetsa chisoni kuposa maso awo, chifukwa ndinaona kuti munthuyu m'mabuku onsewo ankafunafuna mboni, ndipo sankaipeza.

Ine si munthu wa mabuku. Ndikaima tsiku lonse mu wodi, chimene ndimafuna ndi pilo. Choncho zonena za amalume ndinangozimeza, mpaka ndinakaphunzitsa anzanga kuntchito kuti olemba nthano a kuno ndi amantha, aliyense wovutika amamutumiza kwa mlongo wake. Mnzanga wina wokonda kuwerenga anandiyang'ana ngati ndamwa mankhwala a odwala, koma ndinamugonjetsa ndi kukweza mawu.

Azakhali atapuma pantchito, ng'ala inayamba kuwaphimba maso. Anabisa, monga amachitira anthu a msinkhu wawo. Buku linkasendera kufupi ndi mphuno mwezi ndi mwezi, ndipo ena mwa mabukuwo ankangowanena pamtima, tsamba lili chozondoka. Nditazindikira sindinanyengerere. Ine ndikati tiyeni ndi tiyeni. Kuchipatala anawachita opaleshoni, iwo n'kubwera kunyumba diso lili ndi bandeji, atalamulidwa kuti asawerame, asayandikire utsi, asawerenge. Ndinatenga tchuthi kuti ndiwasamalire.

Masana a tsiku lotsatira azakhali anali m'tulo chifukwa cha mapilitsi. Amalume pakhonde ankangotembenuka pampando, kumasula chingwe chimene aluka kumene, kutsokomola popanda chifuwa. Nthawi ya buku inali itakwana, ndipo thupi lawo linkadziwa.

"Anesi, sukulu yonse ija inali yongobaya anthu jakisoni? Tatenga lija la mnzanga wa m'sitolo."

Limeneli ndilo ankalikonda kuposa onse. Ndi nkhani ya bambo wina wolembedwa ntchito yogulitsa m'sitolo ya munthu wolemera, pa nthawi imene shuga anasowa m'tauni yonse. Mwini sitolo sankaoneka. Amene anthu ankamuona tsiku ndi tsiku kuseri kwa kauntala anali wantchitoyo, wa malaya amodzi. Kenako inabuka mphekesera yoti m'chipinda chosungira katundu cha sitoloyo mwadzaza matumba a shuga, akudikira kuti mtengo ukwere. Amalume ankamutcha mnzawo chifukwa, mwa kunena kwawo, onse awiri ankalandira matemberero a ndalama zimene sankadya.

Ndinakhala pa kampando ka azakhali, n'kuyambira pamene anandiuza, pa tsiku limene anthu anasonkhana kunja kwa sitolo. Ntchito imene azakhali ankaichita ngati kumwa madzi inanditulutsa thukuta. Ine maso ndi pakamwa zimayendera limodzi: ndikaona mawu, ndanena. Ndinkakakamira, amalume n'kumandithandiza, pakuti nkhaniyo ankaidziwa ngati njira ya kubafa.

Anthu anayamba kugwedeza chitseko chakumaso. Wantchito uja anazimitsa wailesi, anavula epuloni, n'kuthamangira kukhomo lakumbuyo.

"Eya, khomo lakumbuyo," anatero amalume akumwetulira. "Mlongo, yala mphasa, mlendo akubwera."

Ine ndinangowerenga chiganizo chotsatira monga chinalembedwera. Chitseko chakumbuyocho chinali chokhoma ndi loko chakunja. Mwini sitolo ankachikhoma yekha m'mawa uliwonse n'kutenga kiyi, kuopa kuti wantchito wake angamatulutsire katundu kumeneko.

Zala za amalume zinaima pachingwe.

"Wati chiyani?"

Ndinabwereza. Ndinayang'ana m'munsi mwa tsambalo, n'kuona zimene zikubwera. Chakudza sichiimba ng'oma.

"Amalume, mwina tidikire azakhali adzuke."

"Werenga zimene zalembedwapo."

Ndinawerenga. Wolembayo sanathawe chilichonse, komanso sanakometse. Mayi amene anatsogolera kulowa anali yemwe wantchitoyo anamusenzetsa katundu m'mawa womwewo. Amene anatola mwala wa pasikelo anali telala wa khomo loyandikana nalo. Aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye akudziwa zoona zake. Atathana naye, anathyola chipinda chosungira katundu, n'kupezamo matumba opanda kanthu ndi ndowe za makoswe, pakuti shuga mwini wake anali atakagulitsa kwina kalekale. M'mawa mwake msewu unaseseledwa, shuga anasowabe, ndipo anthu a mumsewuwo anayamba kudutsana osapatsana moni, aliyense akuopa maso a mnzake. Mutuwo unathera pa nsapato imodzi imene inakhala m'ngalande sabata yonse, popanda woitola, popanda woifunsa mwini wake.

Nditasiya, kunangomveka njinga ikudutsa pamsewu. Amalume anaika manja pamaondo.

"Dzina la wolemba lilipo?"

"Chikuto palibe, amalume."

"Ameneyo analipo," anatero. "Zimenezi munthu sangazipeke." Anapumira m'mwamba. "Amene anaswa windo la mbali yanga ndinamumva mawu. Anali bambo wina wotsimphina, ndinkamusungira mpando wakutsogolo m'mawa uliwonse. Ndipo mng'ono wanga chitseko anatsegula yekha. Anati atsike akayankhule nawo, poti onse ankawadziwa."

Aka kanali koyamba kumva amalume akunena za tsikulo.

"Mphunzitsi wa njinga uja," anatero, "tayang'ana."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga bukulo ndi ena aja, ndinafufuza chakumapeto. "Anamutenga asilikali pamaso pa ana a m'kalasi mwake. Sanabwererenso."

"Msilikali?"

"Nkhondo inamutsatira kunyumba. Anavulaza mkazi wake, kenako anadzipha."

"Mayi wa mapasa?"

"Iye anapulumuka. Mwana mmodzi ayi."

Sindinamve kuti azakhali adzuka. Ndinangowaona ataima pakhomo, dzanja lili pafelemu, bandeji ili mbee pankhope. Amalume anawamva kupuma.

"Mayi," anatero mofatsa, "mwandibisiranso maliro."

"Munali mutavutika kale mokwanira, bambo."

"Kuchipatala munati kampani yamusamutsa. Kuno mwati kwa mlongo wake. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikunyoza anthu osalakwa, ati ndi amantha. Ndakhala ndikuyesa kuti m'dziko lonse lapansi zinangotigwera ife tokha."

Sanakweze mawu. Anakulunga chingwe chawo bwinobwino, anachikoleka pamsomali, n'kulowa m'nyumba, akudutsa akazi awo pakhomo osawakhudza.

Masiku otsatira m'nyumbamo munalibe ndewu, ndipo bola ndewu. Ankadzutsana mwaulemu, ankathokozana pa chakudya ngati alendo. Dzuwa likapendeka amalume ankakhala pakhonde kumaluka, kampando kali pomwepo popanda wokhalapo. Ndinadzipereka kuti ndiwerenge, iwo anati zikomo, mutu ukuwawa. Pamenepo ndinaona kuti banja limeneli, lopanda mwana, lopanda chuma, linamangidwa pa ora limodzi la masana, ndipo oralo linali litang'ambika. Ndinachita mantha kuti sadzalisokanso.

Mantha anga amatuluka ngati ukali. Tsiku lina ndikuwathira azakhali mankhwala m'diso m'chipinda chochezera, ndinawayamba.

"Koma azakhali, munthu wamkulu ngati uja n'kumamunamiza zaka zonsezi? Munkamuyesa mwana?"

"Thira mankhwala, usandibaye ndi botolo," anatero. Anatsinzina, mankhwala akutsikira patsaya. "Iwe unali wakhanda, sukudziwa. Atangotuluka m'chipatala, mbale ikagwa pansi ankabisa mutu m'manja. Buku loyamba ndinawawerengera lonse mmene lilili. Titafika pa gulu la anthu, ananjenjemera mpaka mpando kugwedezeka, ndipo anatha masiku osadya. Ndiye ndikanatani? Kusiya kuwerenga, azingokhala mumdima okhaokha? Ndinati ndizilumpha pang'ono mpaka adzalimbe. Kungoti tsiku lakuti lero alimba silimadziwika. Umangoona zaka zapita."

"Nanga mlongoyo munamutenga kuti?"

"Munthu wothawa amapita kuti? Kwa mlongo wake basi. Ndikanati kwa mchimwene wake, ndikanawakumbutsa."

Ukali wanga unayamba kuphwa. Ndinatseka botolo. "Nanga madzi aja? Kunali kufuna nthawi yopeka bodza?"

"Bodza silinkafuna nthawi, linali limodzi lomwelo." Anapukuta tsaya ndi mpango. "Ndinkafuna ndiwerenge masambawo ndekha. Munthu wayenda nawe buku lonse, sungamulumphe osadziwa mmene wathera. Ndinkamuperekeza msangamsanga iwo akutunga madzi. Akamabwera, ine ndamulira kale."

"Onse aja? Nokha?"

"Nanga ndikanalira ndi ndani?"

Windo la chipindacho limayang'ana pakhonde, ndipo linali lotsegula. Phokoso la chingwe chokokedwa, limene linkamveka nthawi yonseyi, linali litasiya. Azakhali nawonso anazindikira. Patapita kanthawi chingwe chinayambanso kulira.

Tchuthi changa chinatha zinthu zili chomwecho. Diso linapola, azakhali analandira magalasi, ndipo dokotala anawalola kuwerenga. Loweruka lina ndinapita kukawaona masana. Ndinapeza amalume pakhonde, mpando woluka uli pakati pa miyendo. Pa kampando ka azakhali panali buku la khaki. Amalume anali atalipeza okha pashelefu, polizindikira ndi mfundo ya ulusi ya pamsana pake.

Azakhali anatuluka ndi tiyi, anaona bukulo, anaima. Kenako anaika thireyi pansi, anavala magalasi, n'kukhala.

"Tiyambire pati, bambo?"

"Pamene shuga wasowa."

Anayamba mokakamira, koma posakhalitsa ntchito inawabwerera m'kamwa. Mzere wa anthu unatalika, mphekesera inayenda, telala anatseka makina ake n'kutuluka panja. Amalume sankalowerera monga kale, ankangoluka pang'onopang'ono. Anthu anagwedeza chitseko chakumaso. Wantchito anazimitsa wailesi, anavula epuloni, anathamangira kumbuyo.

Azakhali anatsokomola. Sindikhulupirira kuti anachita kufuna. Chizolowezi cha zaka zambiri chinangowatsogolera.

"Bambo, tandipatsaniko ma..."

Amalume sanadzuke. Anapisa dzanja pansi pa mpando wawo, n'kutulutsa kapu yodzaza madzi imene anali ataibisa pamenepo. Anaitambasulira kumene kunkachokera mawu a akazi awo.

"Imwani, mayi. Lero sindikupita kulikonse. Maliro n'kulirana."

Azakhali analandira ndi manja awiri. Anamwa, anaika kapu pansi, anakonza magalasi, n'kuwerenga za loko wa pachitseko chakumbuyo. Anawerenga za mayi uja, za mwala wa pasikelo, za matumba opanda kanthu, osalumpha mzere, misozi ikutsika poyera popanda kuibisa ndi mpango. Amalume anasiya chingwe n'kupapasa mpaka anapeza phewa lawo.

Atafika pa nsapato ya m'ngalande, amalume anaitana dzina la mng'ono wawo, limene ine ndinali ndisanalimvepo m'nyumba imeneyo.